Kandulo ya M'phanga la Vinyo

Pansi pa tchalitchi chathu ku Romford, kuno kutsidya kwa nyanja, pali kachipinda kosungiramo mipando. Ndikatsikako, fungo la chinyezi cha mwala limandibwezera ku dzinja lomwe tinagona m'phiri kwathu, ndili mwana.

Mvula inali itagwetsa nyumba yathu. Bambo anga ankagwira ntchito pamishoni, kwa Bulazala wina wa ku Italiya, yemwe anapeza paphiripo mwala wofewa, wotuwa ngati phulusa. Ankati unatuluka pansi uli moto kalekale, ndipo kwawo anthu amasema nyumba m'mwala wotere. Bambo anasema zipinda ziwiri ndi piki. Chakunja tinalowamo ife. Chapansi, kumapeto kwa masitepe, munkakhala migolo ya vinyo.

Khoma linkatuluka thukuta. Ukalikhudza, mchenga unkatsalira m'zala. M'zofunda munkanunkha mphesa zowola, ndipo ukatchera khutu unkamva migolo ikubwadamuka pansipo ngati anthu akunong'onezana. Amayi sankagona bwino. Ankati phiri lili ndi eni ake, munthu saboola mimba yake osapepesa.

Bulazala anali ndi lamulo limodzi: wotsika pansi atsogoze kandulo yoyaka, aigwire chakumawondo. Chifukwa chake sananene, kapena Chichewa chake sichinafikepo. Tonse tinkayesa ndi mwambo wa mapemphero.

Popita kutchuthi, Bulazala anasiyira bambo tochi yasiliva. Ine ndinaikonda kuposa chakudya. Tsiku lina masana bambo, pofuna kutsikira kumigolo, anandituma kandulo, ine ndinabwera ndi tochi, ndikuwachonderera kuti tiiyese.

"Iwe, Mulungu wa Bulazala akaona?" anatero akuseka. "Bweretsa. Ukhale pamwamba pomwepo."

Ndinakhala pasitepe yoyamba ndikuyang'ana kuwala kukutsika. Ndinawamva akuimba mluzu. Kenaka mluzu unatha, ndipo china chinagwa mofewa, ngati thumba la chimanga. Tochi inkawalabe bwinobwino pakhoma, ndiye ndinadikira. Ndinkati bola nyali ikuyaka, bambo ali bwino. Anawatulutsa amuna awiri omangidwa zingwe m'chiuno, ndipo mmodzi anakomoka.

Pamaliro anthu ankati phiri latenga wake. Tinasamuka mvula isanathe. Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu, ndipo zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti mizimu inakwiya chifukwa tinaimana kandulo.

Chaka chatha mdzukulu wanga Tadala, yemwe amaphunzira za sayansi, ankandionetsa pafoni mapanga a vinyo a ku Italiya, tili m'basi ya ku Ilford. Ndinamufunsa za kandulo ngati nkhani wamba.

"Agogo, imeneyo ndi alamu," anatero. "Vinyo akamawira amatulutsa gasi wolemera, wobanika naye munthu, yemwe amakhala pansi. Kandulo ikazima, mumathawa."

Anabwerera kufoni yake. Ine ndinayang'ana panja, mvula ikutsetsereka pagalasi.

Mwana uja wapasitepe ankaopa mizimu yomwe inafuna kandulo. Nkhalambane ndikudziwa kuti m'phirimo munalibe wokwiya aliyense. Kandulo inkayenera kufa m'malo mwa bambo, ndipo ine ndinawapatsa nyali yosazima.