Chilimwe Chimene Galimoto ya Malume Inkatsokomola

Kanali kanthu kakuda ka pulasitiki, kosaposa bokosi la machesi, kokhala ndi kawaya kowonda ngati tsitsi m'kati mwake. Makaniko ankakatchula kuti sensa. Ndinakaona kamodzi kokha, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Msakambewa.

Chaka chimenecho malume anagula galimoto yakale atagulitsa fodya. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, ndiye galimoto inangowakuzira mapewa. Abambo anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, wolima minda ya eni ake osadandaula.

Mphepo ya fumbi itayamba, galimoto ija inadwala. Akailiza inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, n'kumalavula utsi wakuda wonunkha petulo. Pachitunda cha kusukulu inkazimiratu, anthu n'kutsika kukatsekera matayala ndi miyala. Malume anasintha mapulagi, sizinathandize. Kenako anasiya kukamba za injini, n'kuyamba kukamba za anthu. "Pakhomo pano pali wina wa mtima wa nsanje," ankatero, maso ali kukhonde kwathu. Amayi anasiya kuimba posinja. Abambo akafika pabwalo, nkhani zinkangoti zii.

Tsiku lina masana malume anandiitana n'kundipatsa nzimbe. "Iwe mwanawe, maso ako ndi akuthwa. Amayandikira galimoto yanga ndani?" Ndinanena zoona, kuti m'mawa wina ndinaona abambo atatsegula boneti, dzanja lili m'kati. Sindinanene kuti ankatulutsa nkhuku imene inabisala m'menemo, chifukwa zimenezo sanandifunse. Ndinachoka ndikunyada kuti wamkulu wandidalira. Uchitsiru umenewo umandiwawabe mpaka lero.

Patapita masiku atatu, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango, ife ana anatithamangitsa. Atabalalika, abambo anatuluka m'nyumba ndi thumba la feteleza lokhala ndi zovala zawo, khasu lili paphewa. Anandigwira pamutu. "Uziwamvera amayi ako." Basi, anatsetsereka kudambo.

Galimoto sinachire. Malume anawaza mankhwala a sing'anga m'matayala onse anayi, koma inkatsokomolabe. Mapeto ake anaitanitsa makaniko wa ku Madisi. Bamboyo za adani sanafunse n'komwe. Analiza injini, anatchera khutu, kenako anazula kapulagi ka pa paipi yolowetsa mpweya. Injini inakhazikika pomwepo. Anamasula kanthu kakuda kaja n'kutionetsa kawaya kake, katamatirira fumbi lofiira losakanikirana ndi oyilo.

"Aka ndi kamene kamauza injini kuchuluka kwa mpweya umene ukulowa," anatero makaniko. "Kakada kamanama, injini n'kumameza petulo wambiri." Atatsegula bokosi la sefa ya mpweya, sefa munalibe. Munali chigamba cha bulangeti chonyikidwa m'oyilo. "Anaika ichi ndani, achimwene?"

Bulangetilo ndinalizindikira, linali la malume. Iwo anangoyang'ana kuphiri. "Sefa yake inang'ambika. Ndimati fumbi lisalowe."

Makaniko anapopera kawaya kaja mankhwala otsukira, n'kuika sefa yatsopano. Galimoto inakwera chitunda cha kusukulu osapumira.

Ine ndinathamangira kunyumba, ndinasamba miyendo, ndinavala diresi la kutchalitchi, n'kukakhala pampando wakumbuyo. Ndinkadziwa kuti tsopano tikupita ku Ntchisi kukatenga abambo. Nanga chinatsalanso n'chiyani? Ndinakhala m'menemo thukuta lili kamukamu, mpaka amayi anabwera, maso ali psuu, n'kunditulutsa pondikoka dzanja. "Kavule, udetsa."

Sindinkadziwa kuti injini imakonzeka masana amodzi, koma mwinimbumba sayenda ulendo wokapepesa kwa mkamwini. Ndinkangoganiza kuti mwina petulo ndiye wachepa, ndipo m'mawa mwake ndinavalanso diresi lija.