Maliro a Agripina Anakanenedwa Kwawo

Mayi Evelina Chibwana asamalira okalamba ku South Bend kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndimawadziwira kumapemphero a Amalawi kuno ku Indianapolis, komwe amabwera kamodzi pamwezi, nthawi zambiri akadali m'yunifolomu. Si munthu wa nkhani zambiri. Mapepala awo owaloleza kukhala m'dziko muno atatuluka chaka chatha, tonse tinkadziwa kuti ulendo woyamba ndi wa ku Ntcheu, moti ena tinayambiratu kumanga timaphukusi toti akatiperekere. Kenaka tinamva kuti alembetsa ulendo wokaona matchalitchi akale ku Romania. Tinawajeda, ndipo wotsogolera misecheyo ndinali ine.

"Asisi, mwabukadi tour ya azungu, kumudzi musanapite?" ndinawafunsa.

"Eya, Flora. Ndikukanena maliro."

Maliro ake anali a Mayi Agripina, gogo wa ku Romania amene Mayi Evelina anamusamalira zaka zisanu ndi chimodzi mpaka tsiku lake lomaliza. Pomuika panali anthu anayi. Mwana wake Eugene, wobadwira konkuno, chilankhulo cha makolo ake sachidziwa, ndipo abale akumudzi sanawauze. Pa Pasaka kunafika khadi lochokera kwa Saveta, mng'ono wa malemuyo, lofunira mkulu wake moyo wautali. Mayi Evelina zinawapweteka kwambiri. Iwo imfa ya mayi awo anaimvera pa Facebook ali pa shifiti, ndipo analumbira kuti uthenga wa maliro uyenera kufika ndi miyendo.

Ulendo umene anasankha unali wodutsa m'mudzi wa pakhadipo, m'dera la Bucovina. Masiku atatu anayenda pabasi ndi alendo anzawo, kuona matchalitchi a masisitere amene zithunzi zake zinajambulidwa kunja kwa makoma, kuchokera pansi mpaka kudenga. Ku Voroneț anaima nthawi yaitali pakhoma la Chiweruzo Chomaliza, lopakidwa utoto wa buluu umene wapirira mvula zaka mazana ambiri. Angelo akuimba malipenga, akufa akudzuka m'manda. Anzawo ankajambula ndi mafoni. Iwo ankangoganiza za mmene akayambire kulankhula.

Tsiku lachinayi basi inaima pakhomo pa Saveta, chifukwa ntchito yake ndi yokongoletsa zikamba za mazira ndipo alendo amapatukirako. Anali wamfupi, wovala mpango, nkhope yeniyeni ya mkulu wake. Anawakhazika Mayi Evelina pampando, n'kuwapatsa dzira ndi kamtengo ka nsonga yachitsulo kolembera ndi phula lotentha. Anawagwira mkono akuseka, kuwaonetsa kalembedwe kake.

Apa ndi pamene umunthu wathu unawamanga manja. Kwathu wonena maliro sangofika n'kuphulitsa nkhani. Amakhala pansi, amadikira mwini khomo afunse chimene chamubweretsa, ndipo sauza namfedwa ali yekha popanda womugwira. Mayi Evelina anadikira kufunsidwa. Koma ndani amafunsa mlendo wa pabasi kuti wadzeranji? Mphindi makumi anayi zinatha akuzunguliza dzira m'manja, khadi lili m'chikwama.

Woyang'anira ulendo atamva nkhaniyi anadzipereka kuti amasulire msangamsanga asananyamuke. Iwo anakana.

"Maliro sarashidwa, mwanawe. Pitani, ndikupezani."

Basi inapita ndi sutikesi yawo. Anatsala pamsewu wa mudzi wachilendo, opanda liwu limodzi la chilankhulo cha kumeneko. Pofuna wowamasulira amenenso angamugwire Saveta, anagogoda makomo awiri osamvana ndi munthu. Pachitatu anapeza mayi wina amene anagwirapo ntchito ku England, ndipo atamufotokozera, mayiyo anavala mpango wakuda n'kuwatsogolera.

Saveta atawaona akubwerera awiri, anasiya kumwetulira. Mayi Evelina anamanga chitenje, anagwada pansi, natulutsa khadi lija. Anayamba patali monga tichitira, kunena za matenda, za mankhwala, za mmene thupi linafookera m'nyengo yachisanu. Asanafike pamapeto, Saveta anali atagwira kale mapewa a mnzake uja. Analira, ndipo Mayi Evelina analira naye mokweza, kulira kwa kwathu kumene anakubisa pa maliro a anthu anayi aja, ndiponso tsiku la pa shifiti lija. Anansi anamva nabwera. Maliro n'kulirana.

Misozi itaphwa, Saveta anafunsa funso limodzi lokha. Kwawoko munthu akamatsirizika amamugwiritsa kandulo yoyaka kuti asapite mumdima, ndipo kufa wopanda kandulo amakuopa kwambiri. Kodi mkulu wake anamuyatsira?

Mayi Evelina anandiuza kuti bodza linafika pamlomo, ndipo palibe akanawatsutsa. Agripina anaipemphadi kanduloyo, koma m'chipindamo munali botolo la mpweya wothandiza kupuma, ndipo lamulo la ntchito sililola moto pafupi nalo. Chinthu chimenechi chinali chikuwadya mumtima chaka chonse.

"Sindinayatse, mayi. Ndikhululukireni," anatero. "M'dzanja lawo munali dzanja langa basi, mpaka anapita."

Mayi womasulira uja ananena mawuwo pang'onopang'ono. Saveta anafunsa kuti linali dzanja liti. Mayi Evelina anakweza lamanja, lija lolimba ndi sopo wa kuntchito. Gogoyo analitenga, analitembenuza n'kuliyang'ana, kenaka analiika pa tsaya lake, ndipo sanalisiye mpaka wansembe amene anansi anakamuitana anafika.