Dziwe la a Chikopa

Fungo la polishi ya zikhadabo likandipeza, kaya m'basi kaya ku ofesi, ine ndimaona a Chikopa atakhala pa tebulo la m'khitchini mwawo ku Thamesmead, m'London, magalasi atatsetserekera kunsonga kwa mphuno, akumangirira nthenga ya nkhanga pa kambedza kakang'ono ngati njere ya mpunga. Ankazunguliza ulusi atagwira mpweya, kenako n'kudonthezapo polishi kuti mfundo isamasuke, ndipo fungo lakelo linkasakanikirana ndi la tiyi woiwalika m'kapu ndi la jasi lonyowa limene ankayanika pa hita. Akamaliza ankaika kantchentche kabodzako pa chikhatho changa n'kufunsa kuti, "Tamanda, ukanakhala nsomba ukanadya?" Ine ndinkakwinya mphuno n'kuti, "No way." Iwo ankapukusa mutu. "N'chifukwa chake Mulungu sanakupange nsomba. Ukanafa ndi njala."

Sanali agogo anga enieni. Khomo lawo linkayang'anana ndi lathu pansanjika yachitatu, ndipo popeza amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba Loweruka lililonse, ankandisiya kwa iwo kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. A Chikopa anabadwira ku Zomba. Ali mnyamata ankanyamulira zikwama azungu amene ankawedza nsomba za tirauti m'timitsinje tozizira ta pamwamba pa phiri, ndipo luso lomanga ntchentche za nthenga analiba ndi maso komweko. Kuno anabwera ngati wophika wa banja lina la azungu, azunguwo anatha kumwalira, iwo n'kutsala. Akazi awo anawaika ine ndisanabadwe, ana analibe. Anali ndi ndodo yowedzera imodzi, kachitini ka fodya kodzaza ntchentche, ndi dziwe.

Kawedzedwe kawo kankaseketsa mpingo wonse. Nyongolotsi sankazigwira n'komwe. Ankaponya chingwe m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka kantchentche katatera pamadzi mwakachetechete, ndipo nsomba ikadya ankaikoka bwinobwino, kunyowetsa manja, kuichotsa mbedza, kuiyang'ana pang'ono, n'kuibwezera m'madzi. Kubwezera! A Mwale, mkulu wa mpingo wathu, ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Munthu wamkulu kukwera mabasi awiri kukangopereka moni kwa nsomba! Madala, is it a prayer meeting kapena chani?" A Chikopa ankangomwetulira, ndipo akafunsidwa kumene amapita ankaloza kumene kwawakomera tsiku limenelo, lero kum'mawa, sabata yamawa kumadzulo.

Pa nkhani ya dziwe lawo, a Chikopa, ngakhale anali munthu wopemphera, ankanama osaphethira. Ndodo ankaiphwasula n'kuibisa m'thumba la ambulera. Basi tinkatsika kutatsala masiteji awiri, n'kuyenda wapansi kuseri kwa malo okonzera magalimoto, kudutsa pa mpanda wong'ambika ndi m'zitsamba zoyabwa zimene zinkanditupitsa akakolo. Tikakumana ndi owedza ena, azungu a zipewa ndi majekete a matumba khumi, a Chikopa ankavala nkhope ya maliro. "Nothing there, boss. Only trolleys and rats." Atadutsa, ankanditsinzinira diso. Dzina la mtsinjewo sindilemba pano, ngakhale lero palibenso chobisa.

Kuseri kwa zinyalala zonsezo madzi ankasintha. Ankatsika pa timiyala akulira ngati mafuta m'chiwaya, n'kukhazikika pansi pa mtengo wogwa, oyera mpaka kuona mchenga, ndipo phokoso la msewu linkamveka ngati lili m'dziko lina. A Chikopa ankavula chipewa asanayambe. Ankati m'London monse ndi pokhapo pamene pankanunkha ngati phiri la kwawo. Nsomba zinalimo mwina makumi awiri, ndipo yaikulu ankaitcha Mayi Busa, chifukwa inali yonenepa, inkakhala kutsogolo, komanso sinkadya chilichonse chongopatsidwa. Chipsepse cha kumchira chinali chobenthuka pamwamba, chipsera cha mbalame ina imene inailephera kalekale. Pa zaka zisanu ndi chimodzi anaigwira kanayi kokha, ndipo ulendo wachinayi ndinalipo. Anandiuza kuti ndinyowetse manja, ndiigwire pamimba. Inali yozizira, yamadontho ofiira, mtima wake ukugunda m'zala zanga. Kenako ndinaibwezera m'madzi.

"Waona," anatero. "Tsopano tili awiri. Dziwe lilibe chitseko, mwanawe, chitseko chake ndi pakamwa pako. Kaya afunse ndani."

"Even Mum?"

"Amayi ako amadziwa kuti uli ndi ine. Zakwana."

Ndinalumbira, ndipo zaka ziwiri ndinasunga. Aphunzitsi sanadziwe, anzanga sanadziwe. Sindinaulule chifukwa cha maswiti kapena kukwapulidwa. Chimene chinatsekula pakamwa panga chinali ulemu.

Nthawi imeneyo ndinali mwana wochititsa manyazi ku tchalitchi. Chichewa ndinkamva chonse koma ndinkayankha m'Chingerezi, kugwada ndinkaiwala, ndipo azimayi ankanditcha kamzungu amayi ali pomwepo. Amayi ankaseka nawo, koma tikafika kunyumba ankaphulika. "Wamkulu akakufunsa umayankha, wamva? Umagwada n'kuyankha bwinobwino, osati ma yeah yeah akowo. Anthu aziti ndakulera bwanji?" Mawuwo ankandipweteka, chifukwa ndinkaona mmene amayi ankabwerera ku ntchito mapazi atatupa, ndipo ndinkafuna tsiku limodzi lokha atuluke mu holo ya tchalitchi mutu uli m'mwamba.

Lamlungu lina titatha mapemphero, anthu akumwa tiyi ndi mandasi, a Mwale anandiitana. A Chikopa sanabwere tsikulo, chifuwa chinawagwira. A Mwale anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi masabata awiri akudzawo, ndipo ankadandaula kuti adzadyetsa apongozi ochokera kumudzi nsomba za mufiriji zokoma ngati katoni.

"Tiyeni timuyese kamzunguyu," anatero mokweza. "Iwe mwana, agogo ako amapita kuti ndi ndodo yawo ija? Koma m'Chichewa, no English."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinaona amayi atagwira kapu m'malere, maso ali pa ine. Ndinagwada. Ndinaika manja pamodzi monga anandiphunzitsira, ndipo Chichewa chimene chinakhala chikubisala mwa ine zaka khumi ndi chimodzi chinatuluka chonse, chosalala, chopanda kudodoma. Ndinatchula basi yoyamba ndi yachiwiri, siteji yotsikira, malo okonzera magalimoto, mpanda wong'ambika, mtengo wogwa. Ndinawonjezera ndi Mayi Busa yemwe, kuti aseke. Anasekadi. Azimayi analuluta, wina anandikweza m'mwamba, ndipo amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sindinasangalalepo chotero pamoyo wanga. Lumbiro lija ndinalikumbukira tili m'basi, dzanja la amayi lili paphewa panga, ndipo ndinadziuza kuti a Mwale ndi munthu wa suti, sangalowe m'zitsamba zoyabwa.

Loweruka lotsatira a Chikopa anali akadali chigonere, sitinapite kumadzi. Ndinawapangira tiyi, ndinawawerengera makalata a ku chipatala, ndinatsuka makapu amene anali oyera kale. Kuwauza ndinalephera. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ndinachiimbira ndekha, n'kukhala chete.

Tsiku la chinkhoswe a Chikopa anadzuka, anavala jekete lawo la bulauni ndi tayi. Holo inadzaza nyimbo ndi nthungululu, kukhitchini kukutuluka utsi wa mafuta, mpunga uli m'mabeseni. Atsikana tinauzidwa kuperekera chakudya, ndipo popeza ndinali nditatchuka ndi ulemu, mbale ya munthu wamkulu kuposa onse anandipatsa ine. Mwambo wake ndi womwewo, nsomba yaikulu, yathunthu ndi mutu womwe, imapita kwa wamkulu. Ndinainyamula ndi manja awiri. Ndili pakati pa holo ndinayang'ana m'mbalemo. Mafuta anali atadetsa madontho ofiira aja, koma mchira sunasinthe. Unali wobenthuka pamwamba.

Miyendo inapitabe yokha. Ndinagwada pamaso pa a Chikopa n'kupereka.

A Mwale anafika akupukuta thukuta, chimwemwe chili tsaya ndi tsaya, ndipo ndikhulupirira mpaka lero kuti ankaona ngati akuchita zabwino. "Madala, nsomba zanu zija takuthandizani kugwira! Inu zaka zonsezi one by one, ife one morning basi. Neti ya udzudzu imene anabwera nayo mlamu, anyamata anayi, cooler box full. Fresh, osati za mufiriji. Idyani, ndi zanu zomwe!"

A Chikopa anayang'ana m'mbale nthawi yaitali. Anatambasula chala n'kukhudza mchira uja pobenthukapo, pang'onopang'ono, monga ankachitira asanaibwezere m'madzi. Sanafunse kuti wanena ndani. Anangotsitsa maso kwa ine, ndili chigwadire, ndipo m'masomo munalibe ukali. Ndikanakonda ukali.

"Zikomo, mwanawe," anatero. "Wagwada bwino."

Sanadye, koma sanakankhenso mbaleyo, chifukwa pa chinkhoswe cha mwana wa mnzako suchititsa manyazi. Anakhala nayo patsogolo pawo mpaka zovina zitatha, manja ali pa mawondo.

Patapita sabata ndinawapempha kuti tipite, mwina zina zinatsala. Anavomera. Ulendo umenewu ndodo sanaibise, ndipo tinatsikira pa siteji yeniyeni. Mpanda unali utakulitsidwa, zitsamba zitapondedwa mpaka kukhala njira, m'mphepete muli zitini za zakumwa ndi mapazi a nsapato zazikulu. Pa muzu wa mtengo wogwa panakodwa chidutswa cha neti yobiriwira chikuvina ndi madzi. Anaponya chingwe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kusintha ntchentche imodzi ndi imodzi, ndipo palibe chinatukula mutu. Ndinalira, ndinapepesa m'Chingerezi, ndinapepesa m'Chichewa. Iwo anakulunga chingwe chawo n'kunena kuti madzi akatayika saoleka, tiye basi ingatisiye.

Odziwa amati nsomba zimabwerera. Mwina zikanabwerera, koma mbiri inali itayenda kale, a kumadera ena a London, ku Peckham ndi ku Tottenham, anapita, aliyense ndi chidebe chake. A Chikopa sanapondenso kumeneko. Kunditaya sananditaye. Ankandilandirabe Loweruka, kundiphikira mazira, kundiphunzitsa kumanga nthenga mpaka ntchentche zanga zinayamba kuoneka zodyeka. Koma chaka chotsatira anayamba kusowa Lachitatu lililonse, ine ndili kusukulu, n'kubwera nsapato zili matope, thumba la ambulera lili m'khwapa, nkhope itawala pang'ono. Ndinadziwa kuti apeza pena. Ndinadikira miyezi kuti andiitane. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Agogo, mwapeza dziwe lina?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuvala nkhope ija ndinkaiseka kale, nkhope imene ankaonetsa azungu a majekete aja.

"Nothing there," anatero. "Only trolleys and rats."

Sananditsinzinire diso.

Anamwalira ndili ku yunivesite chaka choyamba. Ndodo ndi kachitini ka fodya anasiya mawu kwa amayi kuti zikhale zanga. Nditalandira chitinicho ndinakhuthula ntchentche zonse pabedi, ndinachotsa kansalu ka pansi, ndinafufuza m'thumba la ambulera ndi m'matumba a jasi lija, kufunafuna kapepala, nambala ya basi, chilichonse chosonyeza kuti pamapeto pake anandikhululukira mpaka kundikhulupiriranso. Munalibe kanthu. Munthu uja anandisiyira zonse zimene anali nazo kupatula chimodzi.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ku tchalitchi amanditchula ngati chitsanzo, mwana wobadwira kuno amene amalankhula Chichewa ngati wa kumudzi. Akandiyamikira ndimamva mafuta a nsomba kukhosi. Lachitatu ndikapeza mpata ndimatenga thumba la ambulera n'kukwera basi iliyonse yopita kumene kuli madzi, kutsika kutatsala masiteji awiri, kusuzumira kuseri kwa mipanda. Zaka khumi ndi zinayi tsopano. Timitsinje ndapeza tambiri, koma ngakhale nditaima pa dziwe lawo lenilenilo sindingadziwe, ndipo wondiuza palibe. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina kuti ndimapita kuti ndi ndodo ya agogo. Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa, ndipo iye anaseka poganiza kuti ndikubisa.