Mafupa a mkamwini

Mwendo wa amuna anga unayamba ndi mwanabere, chaka chomwe tinalima thonje kudambo. Mwanabereyo anaphwa, koma mwendo unapitiriza kutupa mpaka unafanana ndi mtondo. Kwathu ku Ntaja mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amamuyeza ndi khasu. Anga khasu linali litawakanika.

Atsibweni anga, eni mbumba, anayamba kuyankhula zoti munthuyu abwerere kwawo. Anaiwala amene ankawafolerera nyumba ndi kuwamangira nkhokwe. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira.

Asisitere a kumishoni anatitumiza ku Zomba kuti akaunike mwendowo. Atsibweni anakwera nafe lole ku Kasupe, osati chifukwa cha chisoni, ankafuna akadzimvere okha kuti sudzapola. Dokotala wachizungu anakweza chithunzi chakuda cha mwendowo pawindo. Munali timafupa tiwiri toyera, towonda, topanda mnofu.

"Fupa lili bwino," anatero womasulira. "Chimene chikutupitsa mnofu makinawa sachiona."

Atsibweni mawuwo anangowadutsa. Maso anali pamafupa basi. Titafika kumudzi anasonkhanitsa abale pakhonde la amayi.

"Ndadzionera ndekha. Munthuyu m'kati ndi mafupa okhaokha, ngati wa kumanda. Anatha kale. Apite, maliro ake asatigwere pano."

Amuna anga anangozyolika. Ine ndinaimirira, chinthu chimene mkazi sankachita pamaso pa atsibweni ake.

"Iyayi, atsibweni. Inunso akakuunikani mukatuluka mafupa omwewo. Kapena inu m'kati muli nyama yokhayokha ngati nkhono?"

Achemwali anga anaseka, ndipo kusekako ndiko kunamaliza nkhani. Atsibweni anati mkamwini achoke asanadye chimanga chatsopano, ine nditsale andipezere wina wa miyendo iwiri.

Sitinadikire chimangacho. Ndinamanga mphasa ndi miphika, mwana kumbuyo, amuna anga akukoka mwendo wawo patsogolo. Amayi analira kuti mkazi sasiya dothi la kwawo. Ndinalisiya. Tinakakhala ku Balaka pafupi ndi njanji, iwo akuluka madengu ali chikhalire, ine ndikugulitsa zigumu kwa apaulendo.

Amene ankati anatha kale anakhala nane mpaka imvi, mwendo uli chitupire. Munda wa amayi ndimaulirabe, sindibisa. Uthenga wa atsibweni unabwera kangapo kuti ndikangopepesa andibwezera mundawo. Sindinapite.