Ufa Umene Febe Anawaza pa Injini

Inu amene mwagwira tsaya mukuti zanu zinada, senderani kuno mumve za Febe wa ku Nsaru. Sindikulonjezani nkhani yokoma. Anthu ambiri a m'nkhaniyi anachita zoipa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapepesa.

M'chaka cha 1954, maliro a mwamuna wake Nasoni atangotha, tsitsi lometa lisanamere n'komwe, Febe anaima pakhonde n'kumaonerera katundu wa m'nyumba mwake akutuluka. Achibale a malemu ochokera ku Kabudula ananyamula njinga, bedi, mipando, mabulangete, ngakhale kagalasi koonera nkhope. Nasoni anali mkamwini pamudzipo, choncho munda ndi ana zinali za Febe, koma chilichonse chonyamulika anati n'cha kwawo kwa mwamuna. Wotsogolera ntchitoyi anali Mathias, mkulu wake wa malemu, amene nthawi yonse ya matenda sanabwere n'kamodzi komwe kudzazonda.

Chinawakanika n'chimodzi: kagalimoto kakale kamene Nasoni anabwera nako kuchokera ku Halale, komwe ankagwira ntchito m'galaja. Kanali kakang'ono, kakuda, kolizira handulo, ndipo kanali katakalamba kale pomwe ankakagula. Komabe ndi kamene kankadyetsa banjalo, chifukwa kankanyamula odwala ndi matumba a mtedza kupita nazo ku Namitete. Chaka chomaliza kanayamba kudontha oyilo. Ukathira m'mawa, pofika masana pansi pali chithaphwi chakuda. Nasoni anafunafuna pochuchapo, koma chifuwa chinamutenga asanapapeze.

Mathias anakazungulira, akumenya matayala ndi phazi. Anati anthu akakolola iye adzabwera kudzasudzula mlamu wakeyo, ndipo adzabwera ndi ng'ombe kuti adzakakoke, akakaphwasule, mawilo ake akapangire ngolo. Febe anagwada n'kupempha kuti amusiyire, poti ana adya chiyani. Mathias anaseka, n'kutembenukira anthu amene anali pabwalopo.

"Alamu, kakadzafika ku Namitete n'kubwerako kokha, osakokedwa, n'kanu. Mwamva nonsenu."

Anthu anamva, ndipo anaseka naye limodzi.

Chomwe Mathias sankadziwa, poti sankabwera, n'chakuti Nasoni atafooka, wolowa pansi pa galimoto anali Febe. Mwamunayo ankakhala pampando akutsokomola, n'kumamuuza bawuti yoti amasule. Anamuphunzitsanso kuyendetsa, kudambo kuja kopanda anthu. Ndipo masipanala anatsala m'chiguduli pansi pa nkhokwe, osati chifukwa wina anawabisa, koma olanda katundu saweramira pamene pali zitosi za nkhuku.

Febe anayamba ndi pomwe maso ankamuuza. Oyilo ankadonthera pa bawuti ya pansi pa injini, ndiye anaimanga mwamphamvu, n'kuikira kawashala kachikopa. Anathira oyilo, n'kuliza. Kanadontha. Anamasula beseni lonse lapansi lokhalamo oyilo, n'kudula pa katoni gasiketi yatsopano yotsekera mpata pokumana zitsulo, ntchito imene inamudyera masiku ndi khungu la m'zala. Kanadonthabe, pamalo omwewo, ngati kakumuseka.

Oyilo anali wa m'chigubu chimodzi chimene malemu anasiya. Febe ankatchera mbale pansi, n'kusefa wodonthayo pa kansalu, n'kumubwezera. Ulendo uliwonse chigubucho chinkapepuka.

Pamudzi, nkhani inali iyeyo. Namfedwa wanji wogona chagada pansi pa galimoto, miyendo ili panja, nsalu yakuda ya biriwita ili mbuu ndi fumbi? Kuchitsime ankati maliro amuzunguza mutu. Esnart, woyandikana naye nyumba, amene ankaimba naye limodzi kutchalitchi, analeka kubwera kudzapala moto. Zinamupweteka Febe, ndipo nthawi zambiri ankalira ali pansi pomwepo, poti kunali kokhako kumene anthu sankaona nkhope yake.

Inafika February, mwezi umene nkhokwe imaoneka pansi. Tsiku lina Febe anayanika kaufa kake pamphasa, mvula n'kuyamba, iye n'kukokera mphasayo pakhonde. Denga la khondelo linkadontha. Anaona dontho litagwera kumtunda kwa mphasa, n'kutsetsereka mokhotakhota mu ufamo mpaka kukagwera pansi kumapeto ena. Pomwe madzi anagwera pansi sipomwe analowera, ndipo ufa unasonyeza njira yonse.

Anakhala chiyang'anire kanjirako mpaka mvula inakata.

Kutacha bwino anatsuka injini yonse ndi palafini ndi madzi otentha, mpaka chitsulo chinaoneka mtundu wake. Itauma, anachotsa lamba wa fani kuti mphepo isaulutse kanthu. Kenaka anatenga sefa ndi ufa woyera, ufa umene ana akanadya tsiku limenelo, n'kuyamba kuwaza pamwamba, m'mbali, kumbuyo, paliponse. Ankachita atagwada, milomo ikugwedera, poti ankadzilankhulira yekha mayina a zitsulo monga ankawatchulira Nasoni.

Ndi mmene Esnart anamuonera, ataima kuseri kwa mpanda. Tsono inu mukudziwa chomwe munthu wa kwathu kuno amaganiza akaona mkazi wamasiye atagwada, akuthira ufa woyera pa chinthu cha malemu, akunong'ona. Esnart sanafunse. Anathamanga kukauza akulu a mpingo kuti Febe akuthira nsembe kwa mzimu wa mwamuna wake.

Febe sanadziwe kanthu. Anapukusa handulo, injini n'kulira pang'ono, n'kuizimitsa isanatenthe. Mu ufa woyerawo munatuluka kamzere kakuda. Anakalondola ndi chala kuchokera pa bawuti yapansi ija, kukwera, kukhotera kumbuyo, mpaka pa chivindikiro cha m'mbali mwa injini, pakona yobisika kuseri kwa paipi. Atamasula anapeza gasiketi yake itauma n'kufumbutuka ngati chikonyo chofukwa. Miyezi yonseyi iye ndi Nasoni ankalimbana ndi pansi, bala lili pamwamba.

Anakhala pansi n'kulira, chifukwa munthu amene akanakondwa naye kunalibe.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera a Saulosi, mkulu wa mpingo, ndi anzawo awiri. Anakana mpando. Anafunsa ngati n'zoona kuti wathira ufa pa galimoto ya malemu, iye n'kuvomera. Anayesa kufotokoza za oyilo, n'kuwapempha kuti angosendera aone okha kamzere kaja.

"Amake Enifa," anatero a Saulosi, "ine maso anga sayang'ana nsembe."

Lamulungu lotsatira dzina lake linawerengedwa pamaso pa anthu onse, kuti waimitsidwa pa mgonero. Anatuluka m'tchalitchimo atagwira ana ake padzanja, palibe amene anamutsatira.

Apa ambiri tikanasiya, ndipo palibe akanatidzudzula. Febe anabwerera ku injini. Anafufuta chikopa cha mbuzi mpaka chinafewa, anachigoneka pa chivindikiro chija, n'kumagogoda m'mphepete ndi sipanala kuti chidindike, kenaka n'kudula ndi lumo. Yoyamba inachucha, chifukwa anamanga mbali imodzi kwambiri. Yachiwiri anaipaka girisi, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Anatsukanso, anawazanso ufa, ulendo uno masanasana anthu akuona, poti choti n'kumulanda kumpingo chinali chitatha. Analiza injini. Ufa unakhala woyera.

Anthu atakolola, Mathias anafika ndi ng'ombe ziwiri ndi unyolo. Febe anamukumbutsa mawu ake, n'kumutsegulira chitseko cha galimoto. Mathias anakwera akuseka, akuti akabwerera wapansi. Kagalimotoko kanadutsa m'minda ya fodya, kanatsika m'madambo, kanalowa mu Namitete tsiku la msika, anthu n'kusiya malonda kuti aone mkazi ali pa chiwongolero. Pobwerera Mathias sankasekanso. Atafika pamudzi, Febe anayala mphasa pansi pa injini, anthu n'kudikira. Sipanagwe dontho.

Mathias anayang'ana mphasayo nthawi yaitali, kenaka n'kudzikonza kukhosi.

"Zija zinali zocheza, alamu. Chuma cha kwathu chingatsale ndi mkazi?"

Febe anayang'ana anthu amene anamva lonjezo lija. Wina ankayang'ana zala za kumapazi, wina anakumbukira kuti mbuzi zake sanamange. Mathias anawonjeza kuti ngati pali makani, iye abwerera osasudzula, mlamu wakeyo akhale womangika choncho mpaka kalekale. Amalume ake a Febe anamukokera pambali n'kumuuza kuti asawavutitse chifukwa cha chitsulo.

Anamusudzula tsiku lomwelo. Ndipo poti mwa onse ochokera ku Kabudula panalibe wodziwa kuyendetsa, anamangirira unyolo, galimoto yamoyo n'kuchoka pamudzipo ikukokedwa ndi ng'ombe. Ndikakumbuka pamenepa mtima umandiwawabe. Febe anatsala ndi mphasa yoyera ndi chiguduli cha masipanala.

Koma ku Namitete anthu anali ataona. Mbiri inayenda ndi madalaivala a malole a fodya pamsewu wa ku Fort Manning, komwe lero timati Mchinji, kuti ku Nsaru kuli mayi wofunafuna oyilo ndi ufa. Woyamba kubwera anali Lyson, amene lole yake inkamwa oyilo ngati ili ndi ludzu, ndipo abwana ake anali atamuuza kuti amuchotsa ntchito poganiza kuti amagulitsa. Anabwera mwamanyazi, chipewa chili m'manja. Febe anatsuka, anawaza, analondola kamzere. Lyson anapita n'kukauza anzake.

Febe anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mkuyu m'mbali mwa msewu ku Namitete, ndi masipanala ake, sefa ndi kachitini ka ufa. Ena ankangoima kuti amuseke, ena ankakana kuti mkazi agwire injini yawo, n'kudzabweranso mawa lake zitawavuta. Mtengo unasanduka chisakasa, chisakasa chinadzafoleredwa ndi malata. Pofika 1959 ana ake ankadya, ankavala, ndipo Enifa, mwana wake woyamba, anali kusukulu yogonera komweko. Kumpingo anamubwezera, koma polengeza anati mlongo wathu walapa. Febe anangoweramitsa mutu, chifukwa ankafuna mgonero kuposa kupambana mlandu.

Kagalimoto kaja sikanakhalitse ku Kabudula. Anakapezera woyendetsa amene sankayang'ana oyilo, injini n'kugwira, n'kufa. Kanathera pomwe Mathias ankafuna poyamba paja: anakaphwasula, mawilo ake n'kupangira ngolo.

Tsiku lina la msika, ngolo yodzaza mtedza inaima pa chisakasa cha Febe, mawilo akulira mouma. Woyendetsa anatsika pang'onopang'ono, imvi zitayamba. Anali Mathias. Sanapepese, musayembekezere zimenezo.

"Alamu, mawilowa akulira. Kodi mungatithandizeko girisi?"

"Ndawamva muli kutali," anayankha Febe. "Ndi mawilo a Nasoni amenewo."

Anatenga chitini cha girisi, anagwada m'fumbi, n'kuwapaka yekha mosamala, wilo lililonse, monga ankachitira mwini wake ali moyo. Atamaliza anadzuka, n'kubwerera ku lole imene inkamudikira, osacheukanso.

Inu amene mwalandidwa, amene mwanamiziridwa, amene mboni zanu zinayang'ana pansi, sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera. Galimoto ya Febe sinabwerere. Koma zimene anaphunzira atagona chagada m'fumbi, anthu akumuseka, panalibe ng'ombe yoti n'kuzikoka. Dzukani, tsukani pomwe pada, funafunani pomwe pakuchucha penipeni. Osataya mtima, ngakhale amene anakulakwirani asadzabwere kudzapepesa.