Bambo wa Singano wa ku Area 25

Ndinawadziwa mu 2003, phewa langa litauma ndi mabelo a fodya a ku Kanengo moti malaya ankandiveka ndi akazi anga. Anali aneba athu, bambo wachisilamu wa ku Mangochi amene anagwirapo ntchito kwa dokotala wina wa ku China. Ine ndinkayesa anditema mphini.

"Achimwene, ine sinditulutsa magazi," anatero akuseka.

Anandibaya pamsana ndi paphewa tisingano tatsopano, topyapyala ngati tsitsi. Kenako anayatsa kamtolo ka masamba ouma n'kumakayendetsa pafupi ndi khungu. Patatha milungu itatu ndinasenzanso belo. Ankakonda kunena kuti ululu ndi mlendo, umayamba wamufunsa kumene wachokera.

Chaka china ndinapitako pachifuwa pakundithina, ndikupuma mobanika. Ndinavula malaya n'kugona pamkeka. Iwo anandiyang'ana milomo, nandigwira pamkono, kenako anatseka kabokosi kawo ka singano.

"Valani. Uwu si wa singano."

"Tangobayani, ndafulumira."

"Mukufulumirira kumanda? Dzukani!"

Anandikweza minibasi mpaka kuchipatala, kumene ndinagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Unali mtima.

Atakalamba manja awo anayamba kunjenjemera, ndipo singano anazisiya okha, wina asanawauze. Tsiku lina masana anandiitana. Ndinawapeza pakhonde atavula mkanjo, msana ukuwawawa. Anandipatsira kamtolo kofuka kaja.

"Musayandikize kwambiri, achimwene. Mukandiwotcha ndilira, Area 25 yonse imva."

Ndinakayendetsa pang'onopang'ono pamsana pawo, ndi mkono womwe uja anaudzutsa iwo.