Yunifomu ya Amayi m'Buku la Adona

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalakalaka koyamba kuchititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, tikukhala ku Takoma Park m'nyumba yosanja ya njerwa zofiira. Bambo ankayendetsa galimoto ya akuluakulu a banki ina mumzinda wa Washington. Amayi, a Nambewe, ankagwira ntchito ku Bethesda kwa mzungu wina wokalamba amene tonse tinkangowatchula kuti Adona.

Adona anali katswiri wa mafilimu akale, aja akuda ndi oyera okhaokha. Anabadwira m'tauni ya migodi ya malasha, anathawa kwawo ali mtsikana, navina m'mahotela mpaka wina anawaona n'kuwaika pakanema. Anakwatiwa kangapo, ndipo mwamuna womaliza, wa m'boma, ndiye anawabweretsa ku Bethesda n'kumwalira. Khoma lonse la pabalaza linali zithunzi zawo: apa akulira, apa ali pahatchi, apa atavala chipewa chachikulu pakati pa mitengo imene ankati ndi ya ku Africa. Amayi anangoiyang'ana kamodzi n'kunena kuti mitengo imeneyo ndi yamapepala.

Loweruka ndinkapita nawo, chifukwa Chingelezi cha amayi chinali chochepa ndipo ine ndinali pakamwa pawo. Nyumbayo inkamveka fungo la fodya, mafuta onunkhira ndi maluwa ofota. M'mawa amayi ankalowa kuchipinda kwa Adona n'kutseka chitseko. Tsiku lina chitsekocho sichinatsekeke bwino, ndipo ndinaona zimene dziko lonse silinaonepo. Mutu wa Adona unalibe tsitsi ngakhale limodzi, unali mbee ngati dzira. Mankhwala opaka tsitsi a nthawi ya mafilimu anali atalitha lonse. Amayi ankaupukuta mutuwo ndi nsalu yofunda, kuudzoza mafuta, kenako n'kuuveka wigi yonga golide. Ndinabwerera m'mbuyo mwakachetechete, osauza munthu.

Chaka chimenecho Adona ankakonza buku la moyo wawo. Sankalemba ndi dzanja, ankalankhulira m'kawailesi kojambula mawu, ndudu ili pachala. Aliyense amene anawalakwirapo analowamo: mkulu wa mafilimu amene anawachotsa ntchito makwinya atayamba, mnzawo amene anawalanda mwamuna, ngakhale mayi awo owabala.

"Ndawadikira onse mpaka amwalira," anandiuza tsiku lina akuseka. "Akufa sayankha, mwanawe."

Madzulo ndinawafotokozera amayi mawuwo m'basi. Anangopukusa mutu.

Amayi anali ndi chovala chimodzi chimene ankachisunga kuposa zonse: yunifomu ya amayi a mpingo, bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Anavekedwa kumudzi pamaso pa mpingo wonse atapereka malonjezo awo kwa Mulungu. Chovala chimenechi sichipita kumsika kapena kukhitchini. Chimapita kumapemphero, kwa wodwala ndi kumaliro basi. Ku Washington kunali amayi owerengeka a ku Malawi ndi ku Zambia amene anabwera ndi mayunifomu awo m'masutukesi, ndipo ankakumana Lachinayi. Mtsogoleri wawo anali Mai Tembo a ku Lusaka, namwino wa mawu aakulu.

Lachinayi lina, ali pakati pa mapemphero kunyumba kwathu, foni inalira kuti Adona agwa m'bafa. Amayi anathamangira komweko osasintha zovala, poti kwa wodwala yunifomu imaloledwa. Anawadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwaveka. Masana kunafika wojambula zithunzi za bukulo. Adona, atapeza bwino, anapempha amayi kuti aime kumbuyo kwawo atanyamula thireyi ya tiyi, ati akuoneka bwino kwambiri. Amayi anaima.

Bukulo litatuluka, Mai Tembo anabwera nalo kwathu Lamulungu masana. Sanadikire n'komwe kuti tiwalonjere bwino. Analitsegula patebulo n'kuloza chithunzi.

"A Nambewe, n'chiyani ichi? Iwe Tiyamike, bwera uwerengere amako."

Ndinawerenga, ndikutembenuza mawu m'Chichewa. Adona analemba kuti uyu ndi mtsikana wawo wokhulupirika wa ku Africa, amene anabwera wosadziwa nsapato kapena supuni. Anati iwo ndi amene anamusoketsera chovala choyerachi kuti azioneka waukhondo potumikira alendo, ndipo akamanong'ona pakona amakhala akulankhula ndi mizimu ya mtundu wake.

"Mtsikana?" anatero bambo. "Mayi wa ana atatu?"

"Manje anthu ku nchito aseka," anatero Mai Tembo. "Akamba ati yunifomu yathu ni ya ku kicheni. Imwe munaigwiritsa thireyi, a Nambewe. Azimayi akuti muyambe mwaivula mpaka nkhani iweruzidwe."

Wosadziwa angaone ngati ndi nsalu chabe. Koma kuvulidwa yunifomu ndi chilango cha ogwa m'chigololo ndi ofulula mowa. Mbiri yake ikanawoloka nyanja n'kukafika kumudzi, agogo n'kuimva ali kutchalitchi. Amayi sanalire. 

Alendo atapita, mtima wanga unali ng'anjo.

"Amayi, Loweruka kuli phwando la bukuli, atolankhani adzakhalapo. Musadzawaveke wigi ija. Mukadzawaveka, ine ndidzaikoka pamaso pa onse, aone dazi lawo."

"Unauona liti mutu umenewo?"

Ndinawauza.

"Mutu umene ndimausambitsa ndi manja angawa?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Sunamve m'Malemba za ana aja amene anayenda chambuyo kuti afunditse bambo awo? Umaliseche wa munthu wamkulu suonetsedwa, ngakhale munthuyo akhale mfiti. Koma usaganize kuti ndakhululuka. Sindinakhululuke ayi. Tenga simbi, usite yunifomu yanga."

Lachinayi amayi anapita kumapemphero atavala zovala wamba. Anapempha amayi anzawo kuti asanawaweruze, awaperekeze kukaona wodwala Loweruka, onse atavala.

"Wodwala ndani?" anafunsa Mai Tembo.

"Wodwala lilime," anayankha amayi.

Loweruka tinalawirira. Amayi anawakonza Adona kuposa masiku onse, wigi ili phuliphuli, diresi lobiriwira lokwekwereza pansi. Alendo anadzaza pabalaza: madoda a ndodo, amayi a mikanda yonyezimira, atolankhani ndi makamera awo. Zithunzi za m'bukulo anazikulitsa n'kuziimika m'mbali, ndipo cha amayi chinali pafupi ndi tebulo la zakudya. Adona ankasaina mabuku, akuseka ndi mawu aja amene kale ankaliritsa anthu m'nyumba zoonetsera mafilimu. Amayi analowa kuchipinda chakumbuyo kukasintha.

Belu linalira, ndipo ndinatsegula ndine. Analowa pamzere, maduku oyera okhaokha, akuimba motsitsa nyimbo ija imene imaimbidwa polowa m'nyumba ya matenda. Mai Tembo anali patsogolo. Pambuyo pawo panali mkazi wa bwana wa bambo, kenako mayi wina wophunzitsa pa yunivesite, ndi ena onse. Amayi anatuluka n'kulowa pamzere womwewo. Phokoso linatha ngati wina wazimitsa wailesi. Nkhalamba ina inayang'ana chithunzi, inayang'ana amayiwo, n'kufunsa Adona mokweza kuti, "Kodi onsewa ndi antchito anu?"

Amayi anakaima pambali pa chithunzi chawo n'kundigwira dzanja.

"Unene zokhazo zimene ndinene. Ukawonjezera liwu limodzi, si iwe mwana wanga."

Anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ine ndikutsatira m'Chingelezi.

"Dzina langa ndine Nambewe. Sindine mtsikana, ndine mayi wa ana atatu. Nsapato ndinabwera nazo kuchokera kwathu. Chovala ichi sanandisokere Adona. Ndinavekedwa ndi mpingo wa Mulungu, monga anavekedwera alongo angawa, ndipo timachivala popita kwa odwala. Tsiku la chithunzi ichi ndinachokera kumapemphero chifukwa anandiitana atadwala. Ndikamanong'ona pakona, ndimakhala ndikuwapempherera iwowa. Akuti akufa sayankha. Ine ndili moyo."

Nthawi yonseyi Adona anali pafupi nane moti ndikanangotambasula mkono. Liwu loti dazi linali pansonga ya lilime langa, ndipo amayi sakanalimva n'komwe m'Chingelezi. Ndinawayang'ana Adona m'maso, kenako ndinayang'ana wigi ija mwadala, osaphethira. Dzanja lawo linakwera lokha kukagwira kumutu. Anadziwa kuti ndikudziwa. Ndinaona mantha enieni, osati a pakanema, ndipo anandikomera ngati uchi. Ndinawasiya adikire pang'ono. Kenako ndinamaliza mawu a amayi, osawonjezera kanthu.

Amayi onse aja anagwada pakapeti. Mai Tembo anapemphera mokweza kuti Mulungu, amene amadana ndi mboni yonama, achiritse lilime la mwini nyumba asanamuitane kukayankha. Pempherolo ndinalitembenuzanso lonse. Alendo anaima ndi matambula m'manja, ena ataweramitsa mitu, makamera akung'anima.

Titati ameni, Adona anayesa luso lawo lomaliza. Anaseka, anaomba m'manja, nati, "Si zokongola izi?" Palibe anawathandiza kuomba. Thukuta linali litatsika, ndipo wigi inali itapendekera kumanzere, khungu loyera likuyamba kusuzumira pamwamba pa khutu. Mtima wanga unadumpha. Ndinati Mulungu wachita yekha. Koma amayi anafika pomwepo, anawatchinga ndi msana wawo, n'kuikonza ndi zala ziwiri ngati akuchotsa kachitsotso. Kenako anaika makiyi a nyumbayo pathireyi ija, ndipo tinatuluka.

Pobwerera tinakwera galimoto limodzi ndi amayi aja. Mai Tembo ndi amene anayamba.

"A Nambewe, Lachinayi mulalikira ndimwe. Muvale."

Sabata yotsatira nyuzipepala ina inatulutsa chithunzi cha Adona ataima okha pakati pa maduku oyera ogwada. Adona anaimba foni kambirimbiri, koma amayi sanabwerereko.

Kwa zaka zambiri ndinkawadandaula amayi chifukwa cha zala ziwiri zija. Ndinkati anatilanda chigonjetso chili m'manja. Lero ndimavala yunifomu yomweyo kuno ku Manassas, ndipo ndikumvetsa. Wigi ikanagwa, alendo akanapita kwawo akukamba za dazi, bodza n'kuliiwala, ndipo akanati bukulo linanena zoona za ife. Amayi anakana kuti mdani wawo achitiridwe chisoni. Anamusiya wokongola, wovala bwino, kuti pasakhale china choyang'ana koma bodza lake lokha. Kubwezera mwini wake ndi Mulungu, zimenezo ndimakhulupirira, koma sanatiletse kuimika choonadi pamaso pa wonama n'kumusiya achiyang'ane.

Bukulo ndili nalo, sindinalitenthe. Adzukulu anga akabwera ndimatsegula tsamba lija, ndimawawerengera zimene Adona analemba, kenako ndimawauza zimene amayi anga anayankha. Mpaka lero sindiwonjezera liwu ngakhale limodzi.